Bulangete la Apongozi Anga

Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma kuwerenga ndalama palibe angandiphunzitse. Loweruka lililonse bambo a mwana wanga akaweruka ku Makoni, kumene amamata matayala a makombi, maminibasi a kuno, pa shedi ya munthu wina, ankakhuthulira thumba lawo pabedi nkunena kuti, "Mayi a mwana, ndi zimenezo. Muona mochitira." Iwo ulendo kukasamba. Ine nkutsala ndi timadola takuda tonunkha labala, tina tofewa ngati masamba ofutsa, nkumatiwongola pabondo kamodzikamodzi.

Ndinkasunga mu mpango wakale. Mpango uli ndi ngodya zinayi, ngodya iliyonse mfundo yake. Ina ya lendi ya chipinda chathu ku Unit L. Ina ya chakudya. Ina ya magetsi ndi madzi, poti mpopi wa panyumba paja umangotulutsa mphepo, madzi timagula kumjigo ndowa imodziimodzi. Yachinayi ya sosaiti. Ndikamanga zinayizo, pakati pa mpango sipankatsala ngakhale ya machesi.

Anzathu a m'zipinda zina ali ndi kwawo kumusha. Nthawi yokolola mumawaona akutsitsa matumba a chimanga pabasi, maungu, nzama, nkhuku yomanga miyendo. Akafa amawanyamula kupita komweko, manda aulere pafupi ndi makolo awo. Ife ayi. Agogo athu anachoka ku Malawi wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, ife tinabadwira m'makomboni, ntchito itatha tinakhuthukira kuno kutauni. Kumene anachokera agogowo ndimangomva dzina. Ndiye chilichonse cholowa m'kamwa mwathu nchogula, ndipo pogona tikafa naponso mpogula. Nchifukwa chake pali sosaiti.

Sosaiti ndi ya maliro. Banja lililonse limapereka madola asanu pamwezi, Lamlungu loyamba, panyumba ina ku Zengeza 4. Munthu akamwalira, sosaiti imagula bokosi, imalipira manda ndi galimoto, imabweretsa ufa ndi kabichi wa olira. Koma lamulo lake nlouma. Ukadumpha miyezi itatu, Lamlungu la mwezi wachinayi dzina lako amaliwerenga pagulu nkulidula m'buku, zaka zonse unapereka zija zapita. Ukafuna kubwerera uyambe ngati mlendo, udikire chaka chathunthu asanakuthandize.

Khadi la banja lathu linali m'dzina la apongozi anga, amayi awo a bambo a mwana. Anali mayi wamfupi, wa fodya wa m'mphuno, pakamwa ngati lumo. Ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Zengeza 4 komweko, nkumagulitsa mtedza wokazinga pageti. Ndikafika ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mtengwa, wawonda ngati mpini wa tsache. Mwana wanga sakukudyetsa, kapena ukudyetsa wina?"

"Ayi amayi, ndi thupi chabe."

"Thupi liti? Ine ndikuona zovala zokhazokha."

Amuna awo anamwalira kufamu, mwamuna wanga akadali mwana wa sukulu. Anawakulunga mumphasa nkuwaika kumapeto kwa munda, ndipo patapita zaka thirakitala inalima pomwepo. Nkhani imeneyo apongozi sankaimaliza, ankangofika pa thirakitala nkutsegula kabotolo ka fodya. Kuyambira chaka chimenecho sanadumphepo mwezi ku sosaiti. Ndipo m'thiranki yawo yachitsulo munali bulangete latsopano, lalikulu, lofiirira, la maluwa, likadali m'pulasitiki yake ya zipi. Analigula ndi ndalama ya mtedza, kusunga pang'onopang'ono. Kuno munthu amalowa m'bokosi atafunditsidwa bulangete, ndiye iwo lawo anakonzeratu. Mlendo aliyense ankamuonetsa. "Gwira, koma usambe m'manja kaye. Ine sindidzapita ngati mbuzi yofa yokha ayi."

Miyendo yawo itayamba kutupa analeka kuyenda, ndipo ntchito yopita ku sosaiti inagwera ine, poti kwa bambo a mwana Lamlungu ndi tsiku la matayala ambiri. Pondipatsa khadilo mwamuna wangayo anati, "Iyi ndi ndalama ya amayi. Kaya tigone ndi njala, iyi yokha musaikhudze." Ndinavomera. Ndinavomera ndi mtima wonse.

Mwana wanga ndi wamkazi, nthawi imeneyo anali ndi zaka ziwiri. Meyi atangoyamba, kuzizira kutalowa, anthu akuwotcha zinyalala kuseri kwa mzere wathu, m'mawa wina ndikumuveka juzi ndinamva kakulira m'chifuwa mwake, ngati kamwana ka mphaka kotsekeredwa m'kabati. Ndinayang'ana pakhosi pake, pakudzenje apa, pakulowa m'kati akamakoka mpweya, nthiti zonse kuwerengeka. Sankalira. Ndicho chinandiopsa, mwana wolongolola uja osalira, kumangondiyang'ana maso ali tong'o. Ndinamuponya kumsana, ndinatsomphola mpango, nsapato kuiwala, liwiro la kukiliniki.

Anesi anamuika kachigoba ka nthunzi kumaso mpaka anayamba kulira, ine nkuyamba kupuma. Anati ndi mphumu. Analemba pepala, nati kapampu kopopera m'kamwa ndikagule kufamasi, ndipo kasamachoke pafupi ndi mwana. Kufamasi anati madola asanu ndi atatu.

Ndinakhala pa sitepe ya famasiyo, mpango pamiyendo, nkumayang'ana mfundo zinayi zija. Ya lendi ayi, alandilodi athu mwezi ukatha amaima pakhomo tisanasukusule, "Mai mwana, mwedzi wapera," kunena m'chilankhulo cha kuno kuti mwezi watha, ndipo banja lina analitulutsirapo katundu panja mvula ikugwa. Ya chakudya inali itaphwa kale. Ya madzi munali madola atatu. Alandilodi amagogoda, njala imagogoda, ludzu limagogoda. Sosaiti sigogoda. Ndinamasula yachinayi ndi mano, poti ndinali nditaimanga kolimba, nkuwonjezera atatu a madzi aja.

Lamlungu lake ndinavala chitenje changa chabwino, ndinabereka mwana, ndinatuluka ngati wopita ku sosaiti. Ndinakakhala kuseri kwa mpanda wa tchalitchi china maola awiri, kumvera anthu osawadziwa akuimba. Madzulo bambo a mwana anafunsa, "Zayenda ku sosaiti?" Ndinati, "Zayenda." Khadi ndinalibisa m'kachikwama ka mapepala a kusikelo, mmene iwo sagwiramo. Kapampu atakaona ndinati anatipatsa kukiliniki.

Mufunsa kuti bwanji osangowauza. Inenso ndimadzifunsa. Ndinkati ndi mwezi umodzi wokha, mwezi wamawa ndibweza, palibe adzadziwe. Komanso ndinkaopa. Mayi anga anamwalira, bambo anga anawoloka kupita ku Joni ndili wamng'ono, osamvekanso. Mwamuna akandiuza kuti nyamuka, ndinyamuka kupita kuti ndi mwana wobanika?

Juni kunazizira koopsa, kapampu kanatha msanga, kuwonjezera mankhwala akumwa a chifuwa. Mfundo yachinayi inapitanso. Julayi makina opopera matayala anafa kushedi, masabata awiri bambo a mwana ankabwera ndi manja okhaokha, ndipo ya sosaiti ndinakwaniritsira lendi. Anandifunsa, "Ya amayi ilipo?" Ndinati ilipo. Itatu inakwana choncho.

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ufa wa thumba ndinasiya, ndinayamba kugula tsaona, timapaketi tating'ono ta tsiku limodzi, kaufa, kamafuta ka m'pulasitiki, shuga wa masupuni atatu. Ukaphatikiza timadula kuposa thumba, koma wosauka saphatikiza, amangoona lero. Ine ndinkadya kamodzi, madzulo, pamene bambo a mwana akuona. Ndinkatungira anthu madzi kumjigo, ndowa zisanu dola imodzi, mzere wake woyambira kumsewu. Ndinkachapira aphunzitsi ena, kuluka tsitsi ana a anthu. Dola iliyonse ndinkaisokera mu mpendero wa siketi, ndikamayenda nkumaigwiragwira ngati ndikukanda bondo.

Lachitatu lililonse ndinkapita kukawasambitsa apongozi ndi kuwachapira. Ndikamawapaka mafuta ndinkadina chala pamwendo, dzenje nkutsala osabwerera. Sabata ino lili pakakolo, sabata inayo pakatumba, kenako pabondo. Kunyumba khutu langa linali pachifuwa cha mwana, ku Zengeza pachifuwa cha agogo ake. Ndipo pemphero langa, ndingonena, silinali loti apongozi achire. Linali loti, Ambuye, asafe mwezi uno. Foni ya bambo a mwana ikalira, ndinkasiya zonse nkutchera khutu mpaka ndimve kuti ndi woyendetsa kombi wofuna tayala.

"Mtengwa, ku sosaiti kuli bwanji? Msungichuma uja akadali moyo?"

"Alipo, amayi. Akupereka moni."

"Wabodza iwe. Ameneyo sapereka kanthu kwaulere, ngakhale moni."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinangopitiriza kuwapaka mafuta.

Lamlungu loyamba la Ogasiti linafika. Pankafunika twente, ya miyezi itatu ija ndi ya mwezi womwewo. Nditasomola mpendero ndinapeza leveni.

Ndinalawirira, anthu asanasonkhane. Msonkhano umachitikira pabwalo la nyumba ya msungichuma, mdala wamtali amene anali kalaliki kufamu, magalasi ake omanga ndi ulusi. Ndinawapeza akuyala mabenchi. Ndinagwada, nkupereka khadi ndi ndalama ndi manja awiri. Anayang'ana mipata itatu yosasaina ija, nayang'ana ine.

"Mwana wanga, amayi ako akudziwa?"

"Ayi, abambo."

"Nanga mwamuna wako?"

Ndinangoweramitsa mutu. Anawerenga ndalama kawiri, akunyambita chala. Dola imodzi anaikweza kudzuwa, inali yong'ambika pakati, yomata ndi selotepi. "Iyi kogula mabokosi salandira." Anandibwezera. "Teni. Pakufunika twente."

"Landirani teniyo abambo, inayo ndibweretsa mwezi wamawa, ndikulumbira, mwana anadwala mphumu, ndinalibe pogwira."

"Onse amene ndinawadula anali ndi mwana wodwala. Palibe anadumpha chifukwa chokhuta. Bukuli si langa. Ndikakulekerera iwe mawa abwera khumi, ndiye tsiku lofa ine m'chitini cha ndalama mudzapezeka mphemvu." Anavula magalasi napukuta m'maso ndi chala. "Mayi amene uja ndinamulemba ndine m'buku lino. Tamvera. Maina timawerenga pomaliza, ikatha nyimbo yotsekera, cha m'ma folo. Ukafika ndi twente nyimboyo isanathe, ine sindinaone kanthu."

Dzuwa linali paliwombo. Ndinaima pamsewu, mwana kumsana, kuganiza za aliyense amene ndimamudziwa, ndipo aliyense anali ndi mfundo zake. Miyendo inangonditenga kupita kwa apongozi, misewu itatu kuchoka pamenepo. Sindikudziwa chimene ndinkafuna. Mwina ndinkangofuna wina andimenye.

Ndinawapeza atakhala pabedi, miyendo atasanjika pa ndowa yovundikira. Ndinagwada pakhomo nkunena zonse osapumira, Meyi, Juni, Julayi, kapampu, mpanda wa tchalitchi, folo koloko.

Sanakuwe msanga. Nkhope yawo inangogwa, ndipo ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo pa iwo. Mantha.

"Zaka zonsezi," anatero. "Ndinkagona ndi madzi okha m'mimba, mwana wanga akupita kusukulu wopanda nsapato, koma kumeneko sindinadumphe. Iwe miyezi itatu yokha wandibwezera kumphasa."

"Pepani amayi, mwana akanafa."

"Ndiye ine ndine galu? Ukanabwera! Pakamwapo unapatsidwa kuti uzidyera tsaona basi? Mfiti iwe, miyezi itatu ukundipaka mafuta, ukudziwa kuti ndilibe bokosi!"

Anandigenda ndi kabotolo ka fodya, kanamenya chitseko, fodya mbwee m'chipinda monse. Mwana anadzidzimuka nayamba kulira, kulira kuja nkusanduka chifuwa, kamphaka kaja nkuyamba. Ndinamutsitsa, ndinatuluka naye pakhomo, ndinamupopera kawiri. Tonse awiri tinamvetsera mpweya wake. Apongozi anali asanazionepo zimenezi ndi maso awo. Anayang'ana nthiti za mdzukulu wawo mpaka zinakhazikika.

"Kameneko ndi kamene kanadya bokosi langa?"

"Eya, amayi."

"Kachepa bwanji."

Kenako analoza pansi pa bedi ndi chibwano. "Koka thiranki."

Nditaona chimene akufuna ndinati, "Ayi amayi, limeneli ayi."

"Tseka pakamwa. Bulangete popanda bokosi ndi mphasa yomweyo. Pita nalo ku Makoni. Ndinagula twente-faifi, usalole kutsika pa fifitini. Ndipo umvetse, mtengwa, sindinakupatse. Ndakubwereka. Ulibweze ndisanafe, lofanana nalo, la maluwa. Mwana wanga asamve, angakuthamangitse, ndiye azindisambitsa ndani Lachitatu?"

Anatsegula zipi pang'ono, nalowetsa dzanja kulisisita kamodzi, natsekanso. Sanandiyang'ane pondipatsa.

Ndinalikulunga m'chitenje, kulisenza pamutu. Dola yong'ambika ija ndinampatsa wolandira ndalama m'kombi, anailandira akung'ung'udza, chenji osandipatsa. Ku Makoni ndinatsikira patali, chifukwa shedi ya bambo a mwana ili pafupi ndi pokwerera. Ndinawaona, atagwada pa tayala, msana kuno. Ndinazungulira kuseri kwa matebulo a tomato, ndikuwerama ngati wakuba.

Mayi woyamba wogulitsa zofunda anandifunsa mtengo, nditati twente anaseka naitana mnzake kuti adzamve. Wachiwiri anati, "Rakabiwa here iri?" kufunsa ngati nlakuba. Wachitatu analitulutsa lonse, kulitambasula, kulinunkhiza, kenako anayang'ana mapazi anga a fumbi, nayang'ana mmene ndinkachewukira dzuwa.

"Ndinokupai eyiti, amai." Akuti andipatsa eyiti.

"Fifitini, chonde, silinafundidwepo."

"Eyiti. Kana musingade, endai." Ndiye kuti ngati sindikufuna ndizipita.

Munthu wothamanga sagulitsa, amataya. Ndinagwada pamsika, anthu akudutsa, nkumuuza kuti ndi ndalama ya maliro, pakusowa teni, ndikalandira eyiti ndi chimodzimodzi sindinagulitse. Anapukusa mutu, napisa m'kachikwama ka m'chiuno. Teni. Dola iliyonse ndinaikweza kudzuwa, ina ndinamubwezera kuti asinthe, anatukwana koma anasintha.

Twente yokwanira ndendende, ya kombi palibe. Ndinamangitsa mwana, ndalama m'chibakera, ndinathamanga. Mwana akugunda kumsana, ine ndikumvetsera mpweya wake ndi wanga, ndikudutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba, kulumpha ngalande za zonyansa, agalu kundiuwa, ana kundiseka. Pena ndinkayenda, m'nthiti mukubaya, nkuyambanso. Ndikukhota pa msewu wa msungichuma ndinamva akuimba.

Ndinadutsa kuseri kwa mabenchi chowerama, amayi a mipango yoyera akundicheukira, ndinafika patebulo nkutsegula dzanja. Ndalama zinali zitanyowa. Mdala uja sanasiye kuimba. Anawerenga ndi chala chimodzi, nasaina mipata inayi, nakankhira khadi kwa ine osandiyang'ana. Nyimbo inatha. Anaimirira nawerenga maina awiri. Lathu panalibe. Mayi wina amene dzina la banja lake linatchulidwa anatsetsereka pabenchi nkukhala pansi pafumbi, osalira, kumangosisita nthaka ndi manja. Ndinalephera kumuyandikira.

Nditabwerera, apongozi analanda khadi, naliyandikiza kumaso, ngakhale kuwerenga sankadziwa. Anawerenga masiginecha ndi chala.

"Lapita zingati?"

"Teni, amayi."

"Chitsiru. Ukanagulitsa ine bwenzi utapeza zochuluka."

Kuyambira pamenepo ya sosaiti sindinaikhudzenso. Koma tsopano panali bulangete la twente-faifi, ndipo linalibe pochokera. Ndinabwerera kumjigo, khosi linauma ndi ndowa. Lachitatu lililonse funso linali lomwelo.

"Lafika pati bulangete langa?"

"Madola anayi, amayi."

"Ndiye ndifunda kuphazi kokha?"

Sabata ina anayi, ina asanu ndi awiri. Kutupa kunadutsa mawondo, kunafika m'mimba, anayamba kugona chokhala. Kumapeto kwa Seputembala ndinafika pa thwelofu, ndinali nditapita kale kawiri kukaliona lofanana nalo pamsika, la maluwa omwewo. Ndiye kunabwera mphepo ya fumbi, kapampu kanatha, ndikukagwedeza osamveka kanthu. Ulendo uno sindinabise. Ndinapita kukawauza apongozi ndisanagule.

Anapuma kaye, poti mawu anali atayamba kuwavuta. "Kagule kapampuko. Ine ndidikira."

Sanadikire. Anamwalira mu Okutobala, Lachiwiri masana kukutentha, ine ndili pa mzere wa kumjigo, mu mpendero muli madola asanu ndi imodzi.

Sosaiti inachita zonse monga mwa lamulo. Bokosi lopaka vanishi la zogwirira zonyezimira, manda olipira, lole, ufa, kabichi, nkhuni. Anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu. M'mawa mwake amayi akuluakulu a sosaiti analowa m'kachipinda kaja kudzatenga zovala, kuti apite nazo kumene kunasungidwa thupi akalisambitse ndi kuliveka. Anandiitana monga mtengwa. Bambo a mwana anaima pakhomo. Mayi wamkulu wa gululo anakoka thiranki natsegula. Diresi loyera linalimo, mpango, sopo watsopano, thawulo. Anapisa mpaka pansi, natulutsa nyuzipepala yoyalira.

"Bulangete lili kuti?"

Amayi aja anayang'anana.

"Ndikufunsa. Tonse muno tinaligwira ndi manja athu. Lili kuti?"

Wina kumbuyo ananong'ona, koma monong'ona moti aliyense amve, "Muroora ndiye aipinda muno," kuti wolowa muno anali mtengwa. Maso onse anabwera pa ine.

"Ndinagulitsa ndine. Anandituma okha amayi. Tinalipirira sosaiti."

"Anakutuma okha? Mayi amene uja, bulangete limene lija?" Mayi wina anaseka kamodzi, kuseka kouma. "Inde, akufa satsutsa."

Ndinayang'ana pakhomo. Bambo a mwana anali akundiyang'ana ngati munthu amene akumuona koyamba. Anatembenuka nachoka, ndinamva geti ikulira. Ndinati basi, apita kukanditulutsira katundu. Amayi aja anakhala pansi kudikira, palibe anandilankhula, ndipo ine ndinaima chotsamira khoma ndi mwana wanga ola lonse. Sosaiti sigula bulangete, limenelo ndi la banja.

Bambo a mwana anabwera atanyamula lathu. Bulangete la pabedi pathu, limodzi lokhalo, limene tinkafunda atatu, lotuwa, lothothoka ubweya, la bowo la kandulo pakati. Analipereka kwa mayi wamkulu uja ndi manja awiri, maso pansi. Mayiyo analitambasula, naona bowolo, nalowetsamo chala. Ndinadikira kuti anene kanthu. Anangolipinda mwaluso kuti bowo likhale m'kati, nalisanjika pa diresi.

"Tiyeni amayi, dzuwa likukwera."

Apongozi analowa m'manda ndi bokosi labwino kuposa onse amene ndinawaonapo, atafunda bulangete lonunkha ife. Poona nkhope ndinaona m'mphepete mwake likusuzumira pansi pa chibwano chawo, pamene ndinasoka ndi ulusi wakuda. Aliyense wodutsa analiona.

Masiku atatu bambo a mwana sanandiyankhule. Tsiku lachinayi m'mawa, anthu atabalalika, tili m'chipinda chathu, anakhala pabedi lopanda chofunda nati, "Yambani poyambira."

Ndinayamba pa juzi ija ya mu Meyi mpaka pa madola thwelofu aja. Sanandidule. Nditamaliza anafunsa, "Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani, mukanachotsa pati? Pa lendi? Pa ufa? Ndiuzeni, bambo a mwana, mukanachotsa pati?"

Anayang'ana manja awo, mizere yakuda ya labala imene sichoka ndi sopo.

"Kaya," anatero. "Koma bwenzi tikuopa awiri."

Sanandimenye. Sanandithamangitse. Koma ku sosaiti amapita okha tsopano, amasiya matayala Lamlungu loyamba, ndalama ya maola atatu nkutayika, ndipo sitinakambiranepo za zimenezo. Msungichuma anauzako anthu ena mmene zinayendera, ena anakhulupirira, ena ayi. Amayi a kumeneko ndikakumana nawo kumjigo amandipatsa moni bwinobwino, amafunsa za chifuwa cha mwana. Kenako ndimaona akukokera ndowa zawo pafupi ndi miyendo.